Mawu Anapita, Likhweru Linabwera

Moni kwa nonse abale ndi alongo amene mumawerenga pano, a kuno ku Mulanje ndi inu amene muli kutali. Dzina langa ndine Ida, koma amene anakulira m'maesiteti a tiyi ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amandidziwa kuti Anti a Zidole. Ndikulemba chifukwa kulankhula sindingathe. Mawu anga anapita ndipo mpaka lero sanabwerere. Chimene chinatsala ndi kanong'onong'o koti munthu achite kutchera khutu pakamwa panga kuti amve. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandivuulira m'dzenje limeneli, ngakhale njira imene anadzera si imene ine ndinkamupempha.

Ntchito yosangalatsa ana ndinaiyamba ndili mtsikana, pa esiteti ina kufupi ndi kwathu. Amayi akamapita kukathyola tiyi ankasiya ana awo pa shedi, ndipo ine ndinalembedwa kuti ndiziwayang'anira. Amene sanasungepo ana a eni ambiri pamodzi sadziwa kuti kulira n'kopatsirana ngati chimfine. Mmodzi akangoyamba, shedi yonse yalowa. Tsiku lina nditasowa mtengo wogwira, ndinatola sokosi yakale imene mlonda anataya, n'kuivala kudzanja, n'kuyamba kuilankhulitsa. Kulira kunadukira pomwepo. Nditafika kunyumba ndinaisokerera mabatani kukhala maso, ndi ulusi wa thumba kukhala tsitsi. Umu ndi mmene anabadwira Chimutu, kamnyamata kokana kusamba, kamene kanadzandidyetsa kuposa mmene munda unandidyetsera.

Mbiri inamveka. Aphunzitsi anayamba kundiitana m'masukulu, anamwino ankandiitana tsiku la sikelo kuti ana asamalire pa mzere, ndipo Sande sukulu sinkatha popanda ine. Ndinayenda ndi dengu la zidole pamutu kuchokera ku Chonde mpaka ku Likhubula, ndi kumidzi ya kumalire kumene ana ena ankamva Chilomwe ndi Chipwitikizi kuposa Chichewa, koma kuseka ankaseka chimodzimodzi. Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wanga Maliya, ndinaika amuna anga m'manda, imvi zinamera, dengu likadali pamutu. Anzanga ankandinena kuti mayi wamkulu chonchi akusewerabe ndi masokosi. Ine ndinkawayankha kuti masokosi omwewo ndi amene anafolera nyumba yanga ndi malata.

Nyimbo za ana ndinkapeka ndekha, zazifupizifupi, za kusamba m'manja, za kuwerenga, za kuyang'ana uku ndi uku podutsa msewu. Kaphunzitsidwe kanga kanali kamodzi basi. Ndinkaimba mzere woyamba, kenako ndinkakweza dzanja n'kuyasamulitsa Chimutu moyang'ana anawo. Kamwa la Chimutu likangotseguka, ana ankadziwa kuti nthawi yawo yovomera yakwana. Ndikati, "Madzi si mkango, Chimutu," iwo ankakuwa kuti, "Samba, samba!" Sindinalembepo chuni cha nyimbo iliyonse, ndipo kulemba kwake sindikudziwa. Zonse zinkakhala pakhosi panga.

Pakhosi pomwepo ndi pamene vuto linadzera. Chinayamba ngati kambulu, ndipo ndinkangokaphimba ndi mpango. Kanakula, anthu anati ndi chithokomiro, ine n'kumazengereza. Pamene ndinayamba kubanika pokwera chitunda ndiponso kutsamwa ndi madzi akumwa, Maliya ananditengera kuchipatala, ndipo kumeneko anatitumiza ku Blantyre. Madokotala sanandibisire. Anati chotupacho chazinga malo ovuta, kuchichotsa n'kofunika kuti ndikhale ndi moyo, koma mawu akhoza kubwerera kapena ayi. Ndinavomera. Opaleshoni inayenda bwino, ndinayamba kupuma ngati mwana, ndipo madokotala amenewo ndimawathokoza mpaka pano. Koma bala litapola, mawu sanabwere. Anati ndidikire, ndinadikira. Mango anapsa n'kutha, tiyi anaphukanso, ine ndikadali chete.

Abale anga, sindikufuna kukunamizani kuti ndinalimba mtima. Ndinapachika dengu la zidole kudenga kuti ndisamalione. Ana akandiona pamsewu ankathamanga n'kumafunsa kuti Chimutu ali kuti, ine n'kungowabayibitsa, ndipo m'kupita kwa nthawi anasiya kufunsa. Kusiya kwawoko kunandipweteka kuposa kufunsa. Kutchalitchi ndinkangogwedeza milomo anzanga akuimba, mpaka ndinayamba kupeza zifukwa zojombera. Ndinkathandiza Maliya kugulitsa zinanazi pamsika wa Chitakale, mitengo ndikutchula ndi zala. Chodabwitsa n'chakuti munthu ukasowa mawu anthu amayesa wagonthanso, ndiye ankandikuwira m'khutu pofunsa mtengo wa chinanazi. Masiku ena ndinkaseka, masiku ena ndinkabwerera kunyumba ndili wolemedwa.

M'mawa wina kunja kuli chiperoni, ndikusesa pakhonde, nyimbo inandibwerera. Sinali ya ana. Inali nyimbo ya munthu wamkulu, yodekha, yoyambira pansi n'kukwera pang'onopang'ono, ndipo inabwera yathunthu, mawu ndi chuni chomwe. Wotsogolera ankati, "Ngakhale ndili chete," ovomera n'kuti, "Mbuye mukundimva." Ndinaima tsache lili m'manja, misozi ikutsika, chifukwa pa zaka zonse zimene ndinapeka nyimbo sindinalandirepo yokoma chotero. Kenako ndinatsegula pakamwa kuti ndiiyese, ndipo munatuluka mpweya wokha.

Mawu a nyimboyo ndinamunong'oneza Maliya, ameneyo amaimba kwaya ndipo khutu lake ndi lakuthwa. Koma chuni chinakanika. Kunong'ona kulibe kukwera kapena kutsika, n'kwa mtunda umodzi. Ndinayesa kumenya chidebe kuti amve kayendedwe kake, ndinayesa kukweza ndi kutsitsa dzanja m'malere, iye n'kumalota. Nthawi iliyonse ankayamba bwino, koma pakati ankagwera m'nyimbo ina yakale ya m'tchalitchi. Ine ndinkapukusa mutu, iye n'kuyambanso, mpaka tsiku lina tinakwiyitsana, mwana wanga analira, ndipo tinasiya. Nyimbo inatsala mkati mwanga. Ndinkadzuka nayo, ndinkapita nayo kumjigo, ndinkakhala nayo pamsika. Mantha anga anali amodzi, akuti ndidzafa nayo, idzakwiriridwa limodzi ndi ine popanda munthu woimvapo. Pemphero langa linafupika kwambiri. Ndinkangoti Ambuye andibwereke mawu ngakhale a tsiku limodzi, ndiimbe nyimboyi kuti Maliya aigwire, kenako awatengenso.

Mawu sanabwere. M'malo mwake kunabwera bambo wina wa mapewa otambalala kudzagula zinanazi. Ankasankha mosathamanga, akuziguguda ndi chala, uku akuimba likhweru, limene ena amati mluzu. Poyamba sindinalabadire, koma kenako ndinatchera khutu. Chimene ankaimbacho chinali nyimbo ya Chimutu, yosaphonya ndi pamodzi pomwe. Ndinamugwira malaya. Anandiyang'anitsitsa, kenako anavula chipewa n'kunjuta pansi pakati pa msika.

Anati dzina lake ndi Bitoni, mayi ake ankathyola tiyi, ndipo iye anali mmodzi wa ana a pashedi paja. Tsopano amagwira ntchito ku Likhubula, yonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati nkhungu ikatsika kuphiri munthu suona mnzako ngakhale ali pafupi, ndipo kukuwa kumatopetsa munthu amene wasenza chikwama cholemera. Ndiye iye ndi anzake ena amene anakulira m'maesiteti amaitanana ndi likhweru. Wakutsogolo amaimba mzere uja wakuti madzi si mkango, wakumbuyo n'kuvomera kuti samba, samba, ndipo akatero amadziwa kuti palibe wasochera.

Maliya anamufotokozera za matenda anga, ndiponso za nyimbo imene inanditsekeredwa mkati.  Kenako Bitoni anandifunsa ngati ndimatha kuuzira moto. Ndinagwedeza mutu kuti eya.

"Ndiyetu nyimbo ituluka, anti," anatero. "Likhweru silifuna kholingo. Ndi milomo ndi mpweya basi."

Kunena zoona, ndinakhumudwa naye. Kwathu kuno mkazi saimba likhweru. Zimenezo n'za abusa a mbuzi ndi anyamata oitana atsikana pamsewu. Ndili wamng'ono ndinayeserapo, ndipo mayi anga anandimenya pakamwa ndi chikhatho, amvekere mkazi wa likhweru ndi wopanda mwambo. Tsono ine, mayi wamasiye wa imvi, wovala yunifolomu ya amayi a mpingo, ndiyambe kusongola milomo? Ndinamunong'oneza Maliya kuti amuuze kuti asandiseweretse. Bitoni sanatsutse. Anangondionetsa mmene lilime limakhalira kuseri kwa mano a m'munsi, anati milomo izikhala yonyowa ndipo mpweya usamakakamizidwe, analipira zinanazi zake n'kumapita.

Ndinakana pamsika, koma kunyumba nkhani ija sinandichoke. M'mawa wina Maliya atanyamuka, ndinanena kuti mutu ukundipweteka, ndinatsala. Ndinalowa m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba, kumene munthu saoneka, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kusongola milomo. Munatuluka mpweya ndi malovu. Ndinadziseka ndekha. Koma mawa lake ndinabwereranso, ndipo mutu uja unayamba kundipweteka pafupipafupi. Patapita nthawi kanamveka kamawu kamodzi koonda ngati ka mwanapiye. Ndinakhala pansi pa mzere n'kulira, chifukwa kuchokera tsiku la opaleshoni aka kanali koyamba kuti chinthu chokhala ndi chuni chituluke mwa ine. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kukweza ndi kutsitsa, mpaka nyimbo ija inayamba kuyenda. Maliya sindinamuuze. Manyazi anali akadandigwira, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndimuuza mawa.

Chimene sindinaganizire n'chakuti likhweru limamveka patali. Anansi anga ankalimva m'mawa uliwonse likuchokera kuseri kwa nyumba ya mayi wamasiye, pa nthawi imene mwana wake wapita kumsika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti woimbayo angakhale mkazi. Anangoti kwa Anti a Zidole kukumabwera mwamuna. Ndinayamba kuona kuti ndikafika pamjigo nkhani zimaduka, ena n'kumandipatsa moni wautali modabwitsa, koma ndinkayesa chifundo cha matenda.

Loweruka lina masana kunabwera a Makawa, mkulu wa mpingo wathu, pamodzi ndi akazi awo. Maliya anawayalira mphasa pakhonde. Anayamba ndi za mvula, anadzera pa mitengo ya feteleza, anafunsa za pakhosi panga, ndipo nkhani zitatha anatsokomola. Ndinaona Maliya wazyolika, ndipo ndinadziwa kuti iyenso wamva kena kake.

"Mayi, ife sitinabwere kudzakuweruzani," anatero a Makawa. "Kukwatiwanso si tchimo. Koma bamboyo adzere pakhomo, aonekere kwa ankhoswe. Asamalire m'nandolo ngati mbalame."

Zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse. Nditamvetsa ndinagwidwa ndi phwete, ndipo kuseka kwa munthu wopanda mawu kumaoneka ngati kulira, moti mayi Makawa anayamba kundisisita pamsana n'kumati ndisadandaule, zimachitika. Ndinayesa kunong'ona kuti ndifotokoze, koma a Makawa khutu limodzi linawafa kalekale, ndipo ankangoti ndibwerezenso. Ndinaona kuti njira yatsala imodzi. Ndinaimirira, ndinakonza chitenje, ndinatsinzina kuti ndisaone nkhope zawo, n'kuyamba kuimba likhweru.

Ndinaimba nyimbo yonse kuyambira pansi paja mpaka pamene imakwera.  Nditamaliza ndinamva Maliya akung'ung'udza chapansipansi, akutsata mmene ndadutsa. Ndinayambanso, ndipo ulendo uno iye anaikamo mawu aja amene ndinamunong'oneza kale. Sanagwere m'nyimbo ina iliyonse. Inali yomweyo, mmene inandibwerera m'mawa wa chiperoni uja, koma tsopano ili kunja, ikumveka pakhonde panga m'mawu a mwana wanga. Nditatsegula maso ndinapeza mayi Makawa atagwira chitenje pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. A Makawa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye bamboyo ndi ameneyu?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati apita kukauza amene anawatuma kuti mkamwini amupeza, ndipo ndi wamakhalidwe abwino.

Za kutchalitchi sizinayende mophweka. Maliya anaphunzitsa kwaya pansi pa mtengo wa mango kwathu, ine ndikuwongola ndi likhweru pamene apotoza, ndipo ine ndinali wokhutira kuti nyimbo ikaimbidwe ine nditakhala pa benchi. Koma a Makawa anati mwini nyimbo ndiye aiyambitse. Akuluakulu ena anakana, amvekere nyumba ya Mulungu si dambo lodyetsera mbuzi. Ena anati akanakhala bambo bwenzi zili bwinoko. Ndinamva kuti a Makawa anawayankha modekha kuti mpweya umene mayiyu akuuzira anaupereka ndi Mulungu, milomo anaiumba ndi Iye yemweyo, ndipo ngati watseka khomo lina n'kusiya limeneli, iwo sangaime pakhomopo. Anakambirana kwa masabata angapo, ndipo pamapeto pake analola.

Lamulungu lake Bitoni anabwera ndi anzake a ku Likhubula, anakhala kumbuyo. Nditaitanidwa kutsogolo milomo inauma, moti ndinachita kuinyambita pamaso pa mpingo wonse. Ndinayamba. Likhweru linamveka laling'ono m'nyumba yaikulu ija, ana ena anaseka, amayi ena anayang'ana pansi. Maliya analowa ndi mzere woyamba, kwaya inavomera. Tinabwerezanso. Pofika kumapeto kwa mzere, ndisakuganiza n'komwe, dzanja langa lamanja linakwera lokha, zala zinayi pamwamba, chala chachikulu pansi, n'kuyasamula moyang'ana anthu. Munalibe sokosi, linali dzanja lokha la mayi wokalamba.

Tchalitchi chonse chinalowa. Sanachedwe ndipo sanafulumire, analowa pamalo pake penipeni. "Mbuye mukundimva." Ndinayang'ana m'mabenchi ndipo ndinayamba kuwazindikira mmodzimmodzi. Uyo mphunzitsi, ankaluma anzake pashedi. Uyo mayi wa ana ake, ankaopa Chimutu mpaka kubisala m'chitenje changa. Awo othyola tiyi, awo a kabaza, awo onyamula katundu kumbuyo, ena ayamba kale dazi. Dzanja limeneli analizolowera akukwawa. Ndinalitseka, anakhala chete kudikira. Ndinalitsegula, anavomera. Ndinayesa kupitiriza likhweru koma munthu sungalire n'kusongola milomo nthawi imodzi, choncho ndinangosiya, dzanja lokha likugwira ntchito, iwo akuimba nyimbo yanga mpaka kumapeto.

Ndinapempha mawu a munthu mmodzi kwa tsiku limodzi. Mulungu anandipatsa mawu a mpingo wonse, ndipo anali atawakonza kale kuyambira pashedi paja, ine ndikuyesa ndikungotonthoza ana a eni.

Kuyambira pamenepo nyimbo sizinasiye kubwera. Pa ukalamba uno ndasanduka wopeka nyimbo za akuluakulu, za maukwati, za maliro, za nthawi yokolola. Ndimaimba likhweru, Maliya amajambula pa foni n'kuikamo mawu, ndipo makwaya a kutali amene sindinawaonepo amaziphunzira. Dengu lija ndinalitsitsa kudenga. Njenjete zinadya khutu limodzi la Chimutu, koma akadalipo, ndipo ku Sande sukulu dzanja limakhala langa, mawu a Maliya. Ana amati Chimutu wasintha mawu chifukwa wakula. Kusamba akukanabe.

Mawu anga sanabwerere, ndipo sindibisa kuti masiku ena ndimawalakalaka, makamaka ndikafuna kuitana munthu amene wandipatsa msana. Ndimawapemphabe nthawi zina, koma mantha aja anatha. Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva ndili chete. Ndikuthokoza Maliya amene anapirira ukali wanga, Bitoni amene sanakhumudwe nditamukana, ndi a Makawa amene anabwera kudzagwira mkamwini n'kubwerera ndi nyimbo.

Inu amene mwataya chinthu chimene munkadyera ndi kudziwika nacho, kaya ndi maso, miyendo, ntchito kapena mawu ngati ine, musaleke kupemphera. Koma popemphera musamangoyang'ana khomo limene mwagogoda. Thandizo langa linabwera ndi munthu wogula zinanazi, ndipo linabwera m'njira imene ndinkaichitira manyazi, moti ndikanaumirira mwambo wa mayi anga bwenzi nyimbo ija ili mkati mpaka lero. Pirirani, ndipo chimene mwapatsidwa musachinyoze chifukwa ndi chaching'ono.

Mukadzadutsa kwathu m'mawa n'kumva likhweru m'nandolo, musavutike kupita kwa akulu a mpingo. Ndine ndemwe, ndipo ndiye kuti nyimbo ina yabwera. Dzerani pakhomo, mukhale pakhonde, ndikakweza dzanja muvomere. Ambuye akusungeni nonse.